Safunsa anadya phula, wanga anapala penti

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mkwiyo, ndipo gawo lina la mkwiyowo ndi la ine ndemwe.

Sabata yatha tinagona pa maliro. Magetsi atathima, munthu wina anayatsa kandulo n'kuimika pa boneti ya kagalimoto kanga, kaja sindinamalize kubweza ngongole yake. Kutacha, phula linali litayenderera n'kuuma gwa. Mnyamata wina amene ndinam'phunzitsa sayansi zaka ziwiri, ndipo anakhoza bwino MSCE, anati: "Aphunzitsi, musadandaule, ndikonza." Pobwera kumanda ndinapeza atagwiritsa mpeni ndi waya wokwechera mapoto. Phula linachokadi. Penti inachokanso.

Mnyamatayo sindikum'da, anafuna kundichitira ulemu. Mlandu ndi wathu. Mwanayu analoweza kuti chinthu cholimba chimasungunuka chikatenthedwa, analemba papepala, tinam'chonga. Atakumana ndi phula lenileni, anathamangira mpeni. Ndiye tinam'phunzitsa chiyani?

Taonani kuphweka kwake. Penti ya galimoto imakhala ndi kachikuto konyezimira pamwamba, kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Mpeni, waya kapena mchenga zimakadula nthawi yomweyo, ndipo sikameranso. Pamene phula la kandulo limasungunuka pa madigiri pafupifupi 60, kutali ndi 100 pomwe madzi amawira.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ikani ayezi m'jumbo, mugoneke pa phulapo. Likazizira limakhala lophweka kusweka, ndipo mumangolitukula pang'onopang'ono ndi khadi yakale ya pulasitiki. Yachiwiri, nyikani nsalu m'madzi otentha, osati owira, muifunditse pa phulapo mpaka lifewe, kenako mupukute ndi nsalu yofewa, yopanda mchenga. Kamafuta kotsalako madzi sangakachotse, chifukwa phula silisungunuka m'madzi. Donthezani palafini pang'ono pansalu. Phula la kandulo ndi palafini n'zapachibale, zonse zimachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, n'chifukwa chake china chimasungunula chinzake. Mukatero tsukani msanga ndi sopo, muumitse, mupake polishi pamthunzi. Thina musayerekeze, amadya penti. Polishi akaumira pa pulasitiki yakuda n'kusiya zoyera, labala wofufutira pensulo kapena mswachi wakale amathandiza.

Ndikudziwa zimene munene m'chipinda cha aphunzitsi: silabasi ndi yaitali, ana ndi ambiri, labu ilibe zipangizo. Zoona, inenso ndimaphunzitsa m'kalasi momwemo. Koma kandulo, madzi otentha, palafini ndi chidutswa cha lata wopaka penti si zofuna thandizo lochokera kunja. Tinangozolowera kulemba manotsi pabolodi chifukwa sationongera zovala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga mwana afunsa bwanji ngati zaka zinayi zonse tinkamuuza kuti akhale chete, azikopera?

Lolemba ndikaimika galimotoyo kutsogolo kwa Fomu 3, chipsera chake chili poyera. Ndikanyamula kandulo ndi machesi. Mnyamata uja ndam'itana, ndipo wavomera kudzayamba ndi iye kuyesa. Inu a sayansi, mukachita chiyani m'kalasi mwanu sabata ino?