Filimu imayambira m'khutu

Chaka chatha ophunzira asanu tinapatsidwa ntchito yokonza mphindi ziwiri zoyambirira za filimu. Nkhani yathu inali ya mtsikana wa ku Chileka amene amalawira m'mamawa kukagulitsa tomato pamsika wa Lirangwe. Kujambula kunatha m'masiku awiri, koma kudula ndi kulumikiza zidutswazo pa kompyuta kunatitengera milungu itatu. Nthawi yambiri inathera pa mkangano umodzi. Anzanga ankafuna kuika nyimbo ya piyano yomwe anaipeza pa intaneti pamwamba pa zonse, ine ndinkakana. Maganizo anga ndi akuti pokonza filimu ya m'Chichewa, mawu a anthu ndi phokoso la malo ziyenera kutsogola, nyimbo ibwere pambuyo.

Poyamba, Chichewa ndi chiyankhulo chomwe tanthauzo limadalira kukwera ndi kutsika kwa mawu. Laura Downing ndi Al Mtenje anafotokoza izi mwakuya m'buku lawo la 2017, The Phonology of Chichewa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. M'filimu yathu agogo amaima pakhomo nauza mdzukulu wawo kuti, "Ukayang'ane bwino mtengo, mwanawe." Titaika piyano ija, tinaonetsa mnzathu wa kalasi ina, ndipo iye anafunsa kuti mtengowo uli ndi chiyani, kapena pali mizimu. Pokambirana tsiku ndi tsiku nkhani yomwe ili pakamwa imatithandiza kumva, koma poyambira filimu woonera sadziwa kanthu. Chimene ali nacho ndi khutu lake basi.

Chachiwiri, malo ali ndi mawu awo. Chithunzi cha nyumba ya njerwa zosawotcha chikhoza kukhala cha ku Dowa kapena ku Mulanje. Koma ndege ikamveka ikutsika cha pafupi, munthu wa ku Blantyre adziwa kuti tili ku Chileka. Chimodzimodzi magalimoto akuluakulu odutsa mumsewu wa M1, oitanira maminibasi ndi amayi otsatsa malonda, ndiwo amanena kuti tafika pa Lirangwe. Tinayesa kuyambitsa phokoso la msika masekondi atatu chithunzi cha msikawo chisanaoneke, mtsikana adakali panjira. Woonera anafika pamsika ndi khutu maso asanafike, ndipo ulendo wonse unafupika popanda kulemba dzina la malo pa sikirini.

Anzanga anali ndi mfundo zawo, ndipo sizinali zopepera. Iwo ankati mawu tinawajambula ndi foni, mphepo inalowamo, choncho nyimbo ikanabisa zolakwikazo. Ankatinso oonera ambiri adzawerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Mfundo yoyambayo ndi yoona, koma mankhwala ake ndi kubwerera kukajambulanso. Tinakwera minibasi, tinavala foni sokosi kuti mphepo isawombe pa maikolofoni, tinaiyandikiza kukamwa kwa woyankhula, ndipo pamalo aliwonse tinajambula mphindi imodzi ya phokoso lokhalokha yoti tidzatsekere mipata polumikiza. Pulogalamu ya Audacity, yomwe ndi yaulere, inatithandiza kuchepetsa kaphokoso kotsalira. Mfundo yachiwiriyo ndiyo imandidetsa nkhawa, chifukwa ikuonetsa kuti tinali titaiwala kale eni chiyankhulo. Filimu ya Chiwetel Ejiofor, The Boy Who Harnessed the Wind, itatuluka mu 2019, inatamandidwa kunja, koma Amalawi ambiri anadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka ena mwa ochita seweromo. Ngati tinadandaula alendo atalakwitsa, kodi ife eni ake tikakwirira Chichewa pansi pa piyano tidzadandaulira yani?

Sindikunena kuti nyimbo ilibe malo. Koma n'zomvetsa chisoni kuti tinakafuna nyimbo ya kutsidya kwa nyanja pojambula ku Chileka, kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anachita nawo chidwi nawajambula mu 1967. Kumenekonso ndi kwawo kwa Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. Nyimbo zawo sitingangozitenga popanda chilolezo, pakuti zili ndi eni ake ndipo bungwe la COSOMA limateteza zimenezi. Komabe ku Chileka achinyamata oimba gitala sasowa. Mmodzi anavomera kutiimbira kachidutswa ka iye yekha, ndipo tinakaika pamene agogo amaliza kuyankhula, osati pamwamba pa mawu awo.

Pomaliza, ndikupempha aphunzitsi athu kuti poyesa ntchito zotere ayambe atembenuza sikirini, amvetsere mphindi ziwirizo osaona kanthu. Ngati atha kudziwa amene akuyankhula, kumene ali ndi chimene chikuwavuta, ntchitoyo yakhoza. Ngati amva piyano yokha, zithunzi zikongole chotani, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife ophunzira zilankhulo timathera zaka zinayi tikuphunzira kumva. Tisaiwale luso limeneli tikakhala pa kompyuta.