MAGETSI A MTSINJE UMODZI

Abale ndi alongo a nthambi ya Chitakale,

Tonse tikumbukira chaka cha 2022. M'mwezi wa Januwale namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko lino linataya mamegawati 129, ndiwo pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu onse. Amai anatandala ku chigayo ndi chimanga chao, ena nagona komweko. Ana athu a sukulu anakonzekera mayeso pa koloboyi. Makina a Kapichira sanazungulirenso kufikira 2023.

Kodi chifukwa chache nchiani? Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Madzi a m'nyanja akachepa, monga mu 2016 ndi 2017, makina onse alefuka pamodzi. Mu 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo, ndipo magetsi a dizilo ndi okwera mtengo. Mtengo wotere sumathera ku ofesi ai, umatsikira kwa mwini chigayo, ndipo iye aukankhira kwa ife ogayitsa.

Tsono taonani anansi athu. Mu 1995 maiko a kumwera kuno anapangana kumagulitsana magetsi, kuti wosowa agule kwa wotsala nao. Malawi analembetsa dzina lache, koma zaka zambiri anakhala wopanda chingwe chachikulu chomlumikiza kwa anzache. Damu la Cahora Bassa ku Tete liri ndi mamegawati 2,075, ndipo magetsi ache amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku South Africa. Ife oyandikana nalo tinangoona ndi maso.

World Bank inavomera kuthandiza chingwe chathu mu 2007, koma boma la nthawi ija linabwerera m'mbuyo poopa mtengo. Pangano linasainidwanso mu 2013, ndipo mu 2022 a Chakwera ndi a Nyusi anatsegulira ntchito ya chingwe cha makilomita 218, kuchokera ku Matambo kufika ku Phombeya m'boma la Balaka.

Alipo ena onena kuti kugula kwa mnansi ndiko kudzipereka m'manja mwache, ndi kuti malipiro ache afuna ndalama zakunja zimene tiribe. Mau amenewa tisawanyoze, pakuti walira mvula walira matope. Koma tifunse: kodi dizilo uja tinagula ndi makwacha? Ndiponso chingwe chimodzi chomwecho chingathe kunyamula magetsi athu kupita kunja, chaka chimene Shire adzatipatsa otsala.

Chifukwa chache ife tinena ziwiri. Choyamba, mtengo wogulira magetsi a ku Mozambique uzilengezedwa poyera, kuti wolipira adziwe chimene alipirira. Chachiwiri, magetsi amenewa asathere ku Blantyre ndi ku mafakitale okha, afike ku midzi ya Mulanje kumene mitengo ya nthambo sinafike.

Pa msonkhano ukudzawu aliyense abwere atawerenga masiku amene chigayo cha kwao chinaima mwezi uno. Tidzalemba chiwerengero chimenecho ndi kuchipereka kwa phungu wathu.

Mlembi wa Nthambi,
Chitakale.