NJIRA YA KUDIMBA SI MSEWU

Pakati pa Nathenje ndi Mitundu, njinga zamoto za kabaza zasiya msewu, zikudulira m'tinjira ta kumunda ndi kudimba. Amayi osenza ndowa ndi ana a sukulu ndiwo amathawira m'mizere. Dzinja likafika, matayala amakumba kanjira kukhala ngalande, madzi n'kumakokolola nthaka.

Sindikuti akabaza aletsedwe, ayi. Ndi iwowa amathamangira ndi odwala ku chipatala cha Mlale, ndipo njingayo ndiye khasu lao. Koma tinjirati tinapondedwa ndi mapazi, choncho woyenda pansi ayambe ndiye kulemekezedwa.

Papa Francis, mu Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa kuti dziko ndi nyumba ya tonse. Mafumu, khalani pansi ndi akabaza, mugwirizane modutsa njinga. Abambo ansembe, nkhaniyi ifike ku miphakati.