Vidiyo yaukwati izimvekanso mawu

Nyengo ya maukwati ikakwana, anyamata ojambula vidiyo m'matauni monga Mponela, Ntcheu ndi Luchenza sapuma. Banja limalipira ndalama zambiri, kudikira masabata angapo, kenako n'kulandira fulashi. Poonera, zithunzi zili bwinobwino, diresi la mkwatibwi likuwala, koma mawu a abusa pomanga ukwati akumveka ngati akuchokera m'chitsime. Chomveka bwino ndi jenereta.

Ojambula akafunsidwa amadandaula za kusowa kwa zipangizo. Dandauloli layamba kuchepa mphamvu. Pali pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa DaVinci Resolve, ya kampani ya ku Australia ya Blackmagic Design, yomwe mtundu wake wina umapezeka pa intaneti mwaulere. Kale ntchito yake idali yokonza maonekedwe a zithunzi m'mafilimu akuluakulu basi. Kampaniyi itaigula mu 2009 idayamba kuonjezamo zina: mu 2017 idaikamo Fairlight yokonzera mawu, mu 2018 Fusion yopangira zokometsera, ndipo mu 2019 Cut yodulira vidiyo mwachangu.

Ntchito iliyonse ili ndi tsamba lake, ngati zipinda za nyumba imodzi. Munthu amadina batani m'munsi mwa sikirini n'kuchoka pa Edit, polumikizira zidutswa, kupita pa Color, powongolera kuwala ndi mitundu. Vidiyo imakhala yomweyo, zosintha ndi zida zimene zili pamaso pake. Pomaliza amapita pa Deliver kukatulutsa ntchito yakupsa. Sipafunikanso kusamutsa mafayilo kuchoka m'pulogalamu ina kupita m'inzake, zomwe zinkadya nthawi.

Kugawa masamba motere kuli ndi tanthauzo. M'makampani opanga mafilimu, wodula zithunzi, wokonza mitundu ndi wokonza mawu ndi anthu osiyana, aliyense ndi luso lake. Kuno zonsezi zimagwera mnyamata mmodzi, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Amachezera usiku wonse pa Fusion kuulutsa timitima ndi kuzunguza maina a akwati, zomwe achinyamata amasangalala nazo ndithu, koma tsamba la Fairlight osalitsegula n'komwe. Chonsecho pamenepo ndi pamene akanachepetsa phokoso la jenereta, kukweza mawu a ankhoswe ndi kutsitsa nyimbo yomwe ikuphimba malangizo a agogo.

Ngakhale zili choncho, Fairlight sichita matsenga. Mawu omwe sadajambulidwe tsiku laukwati sangabwerere. Ngati kamera idali kumbuyo kwa tchalitchi popanda maikolofoni pafupi ndi guwa, palibe batani lomwe lingapulumutse malumbiro a akwati, ndipo ukwatiwo suchitikanso kachiwiri. Nzoonanso kuti pulogalamuyi imafuna kompyuta yamphamvu. Laputopu yakale imangoimaima. Ojambula ali ndi chonena pamenepa, koma kamaikolofoni kovala pajekete sikafika pa mtengo wa kamera yomwe ali nayo kale.

Makomiti a ukwati ali ndi mbali yawo. Asanapereke dipoziti, apemphe wojambulayo awaonetse vidiyo yomwe adakonzapo kale, ndipo asankhe pomwe anthu akulankhula, osati pa perekaniperekani pomwe zoimbira zimabisa zolakwika. Amufunsenso kuti maikolofoni adzaika pati, ndipo yankho lake lilembedwe papepala lomwelo lomwe alembapo mtengo ndi tsiku lolandira vidiyo.