ZA PAKHOMO PATHU: Lisiti Lokha Silikwana

Ife a ku Lifuwu timakolola mpunga ndi kupha nsomba, koma malata, ukonde kapena injini ya boti kawirikawiri timagula kutali, ku Salima boma, ku Lilongwe ngakhale ku Limbe. Ndalama imatsogola, katundu n'kubwera pambuyo, ndipo mikangano imabadwira pakati pamenepa.

Akuluakulu akukumbukira money order ya ku positi ofesi. Munthu ankapereka ndalama pamodzi ndi kakomishoni, kalaliki n'kulemba dzina la wolandira ndi positi yokalandirira, mwini ndalama n'kutsala ndi lisiti. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ambiri tinasamukira pa foni, ndipo ana athu a ku Joni amatumiza pa Mukuru. Njira zasintha, koma mawu a mkangano ndi omwe aja. Wasitolo amati, "Ndalama sinafike," kapena, "Inafika, koma mtengo wakwera, onjezerani."

Pa mawu oyambawo lisiti limatipulumutsa, pakuti nambala yake imalondoleka. Pa achiwiriwo silingatithandize, chifukwa limangonena kuti ndalama inapita. Silitchula kuti tinagwirizana malata angati, a geji yanji, pa mtengo wanji, ofika liti. Mabanja ambiri amagwa pamenepa, ndalama ya mpunga wa chaka chonse n'kuthera m'kukangana.

Choncho tisanatumize, wasitolo atilembere katundu, mtengo ndi tsiku lobweretsa, papepala kapena pa uthenga wa pafoni. Tionetsetse kuti dzina la wolandira ndi la mwini sitolo kapena la bizinesi, osati la mnyamata wogulitsa. Tikatumiza, timudziwitse pomwepo ndipo ayankhe kuti walandira. Ndime 282 ya Surat Al-Baqarah, yomwe ndi yaitali koposa zonse m'Qur'an, imatilangiza kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Kulemba sikunyoza mnzathu, kumatetezanso wamalonda wachilungamo.

Zikavuta, tiyambe ndi kukambirana mwaulemu, mapepala ali m'manja. Zikakanika, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, bungwe la CAMA loimira ogula, ndi khoti la majisitireti ku Salima. Konseko adzafunsa mapepala.

Akuluakulu anati mlandu suwola, koma pepala limawola ndi chinyontho cha kunyanja kuno. Amayi, lisiti ndi chikalata cha mgwirizano zikhale m'kapulasitiki, m'sutukesi momwe timasunga ziphaso, kufikira katundu atalowa pakhomo.