Woyendetsa Masewero Asamabise Dayisi

Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa masewero otchedwa Dungeons & Dragons. Anthu anayi kapena asanu amakhala pa tebulo, aliyense n'kutenga mpangankhani wake: wina msilikali, wina mbala, wina mfiti. Pamakhalanso munthu mmodzi woyendetsa masewerowo, amene amafotokoza nkhalango, mapanga ndi zimphona zimene anzake akukumana nazo. Osewera amanena chimene ampangankhani awo akufuna kuchita, ndipo ngati chinthucho chili chovuta amaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati chatheka. Nkhani imabadwira pomwepo, m'kamwa mwa onse.

Mlandu wanga uli ndi woyendetsa uja amene amabwera pa tebulo atalemba kale mathero ake. Inu anzanga olemba mukumudziwa munthu ameneyu, pakuti ndi mnzathu: ali ndi buku m'mutu, koma wasowa womusindikizira.

Taonani mmene amachitira. Osewera afika pa mphambano, njira ina yolowera kumapiri, ina yotsikira kudambo. Akukangana theka la ola, wina akuti kudambo kuli udzudzu ndi ng'ona, wina akuti kumapiri chakudya chitithera. Woyendetsa ali phee, akumwemwetera, chifukwa chimphona chimene wakonza achikumana kulikonse kumene apite. Nanga mkangano wonse uja unali wa chiyani? Kenaka pankhondo mfumu yoipa yalasidwa msanga, nkhani isanafike pamene iye amafuna. Iye akuponya dayisi kuseri kwa chikatoni chimene amabisira mapepala ake, yagwa pa 3, koma akulengeza kuti 18, mfumu ija n'kubwezera. Kumeneku ndi kunama, ngakhale munthu akukometse bwanji.

Khalidweli si la anthu wamba okha. Mu 1984 kampani ya TSR inayamba kutulutsa timabuku ta masewero a Dragonlance, pamodzi ndi mabuku a nkhani yomweyo olembedwa ndi Margaret Weis ndi Tracy Hickman. Popeza ampangankhani ena ankafunikabe kutsogolo, woyendetsa ankalangizidwa kuti mmodzi wa iwo akaphedwa mtembo wake usaoneke, kaya wakokoloka ndi madzi kaya wafotseredwa, kuti adzatulukirenso bwinobwino. Wosewera wolimba mtima ndi wosewera wosasamala ankakolola zofanana.

Oikira kumbuyo chinyengochi amati woyendetsa akuteteza chisangalalo cha onse. Amati n'chisoni kuti mpangankhani amene munthu wamulera miyezi 8 afe chifukwa cha dayisi imodzi yoipa. Chisonicho n'choona, sindikuchipeputsa. Koma ndani anamuuza woyendetsayo chimene chikusangalatsa anzake? Ngati gulu silifuna imfa m'masewero ake, ligwirizane poyamba, poyera, kuti wogonja azigwidwa ukapolo kapena kulandidwa chuma. Pamenepo aliyense akudziwa malamulo amene akusewerera. Chimene ndikukana n'chakuti munthu mmodzi agamule mwamseri, anzake n'kumanjenjemera ndi ngozi imene kulibe. Ndipo tsiku limene adzazindikire, sadzakhulupiriranso ngakhale kupambana kumene anakupeza ndi nzeru zawo.

Pa nthano za kwathu womvera amayankha kuti “tili tonse”, ndipo saloledwa kusintha zimene Kalulu achite. Palibe cholakwa, chifukwa aliyense akudziwa kuti nthanoyo ndi ya wokamba. Koma wosewera anaitanidwa ndi lonjezo lina, lakuti chosankha chake chidzasintha nkhani. Kumulonjeza zimenezo kenaka n'kumusandutsa woyankha “tili tonse” ndi kumubera madzulo ake.

Ena amati popanda dzanja lobisika nkhani imabalalika. Aone Apocalypse World, masewero amene Vincent Baker anatulutsa mu 2010. Mmenemo woyendetsa amaletsedwa kukonzeratu mmene nkhani idzayendere, ndipo saponya dayisi n'komwe. Amaponya ndi osewera, aliyense akuona. Ntchito yake ikadalipo yambiri: amakonza adani okhala ndi zofuna zawo, njala, ngongole, chitsime chimene magulu awiri akulimbirana. Osewera akasankha kugulitsa chitsimecho m'malo mochiteteza, iye amafunsa mumtima kuti adaniwo atani tsopano, n'kuyankha moona, ngakhale yankholo litawotcha mudzi umene anaukonza sabata yathunthu.