Gulani deki yakale kuti mupulumutse matepi

Munthu wa kwa Maseya akaona deki ya matepi a vidiyo ikugulitsidwa motchipa pa Dyeratu kapena ku Nchalo, ndimamvetsa chifukwa chake amakopeka. DVD imakalika msanga ndi fumbi la m'chigwa chathu, filimu n'kumaima pakatikati, pomwe tepi ikawonongeka pena imapitirirabe kuonetsa. Tepi si chinthu chonyozeka. Kampani ya JVC ya ku Japan, imene idatulutsa VHS mu 1976, idabweretsanso D-VHS mu 1998, tepi yotha kusunga zithunzi zowala bwino kuposa za DVD, Blu-ray isanafike mu 2006. Komabe ogula adatsata madisiki, ndipo Funai, kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, idasiya mu 2016. Ndiye kuti deki iliyonse imene mungagule lero ndi yokalamba, ndipo lamba kapena hedi yake ikatha, wokonza amachita kuphwasula deki ina kuti apeze chosinthira. Kutentha kwa Chikwawa kumafooketsa tepi, chinyezi chimaimeretsa nkhungu, ndipo madzi osefukira a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 adationetsa mmene katundu wa m'nyumba amapitira. Ngati mukufuna mafilimu, musataye ndalama zanu pa deki. Koma ngati muli ndi tepi ya ukwati wa makolo anu kapena ya kwaya ya kumpingo, gulani dekiyo, mupeze wodziwa kompyuta akusamutsireni zithunzizo pa fulashi, ndipo kope lina mukasungitse kwa achibale okhala kumtunda mvula isanayambe.

Wanu mlembi wa m'chigwa cha Shire